Diso la Miyendo Itatu

Ndimamata machubu a njinga pa Nchalo,
pansi pa nimu woyandikana ndi siteji,
beseni la madzi akuda pakati pa miyendo,
kusaka pomwe mpweya ukuthawira.
Msewu ndinauphunzira ndi makutu:
lole ya nzimbe imabuula isanaoneke,
minibasi ya ku Nsanje imabwera ikukuwa
ngati kwawo kukupsa nyumba.

Zuze, mwana wa mlongo wanga, atabwera ku Joni
anandisimbira za maloboti a kumeneko.
Akuti pamwamba pa nyali yofiira pali diso,
ukadutsa isanakulole limaphethira,
kalata nkukupeza pakhomo
ndi chithunzi, nambala, ola ndi mtengo wa changu chako.
Ndinaseka. Nyali yofiira kuno tiitenge kuti?
Chofiira chathu ndi dzuwa la Okutobala
ndi kansanza komanga kunsonga kwa nsungwi
zopitirira pa keliyala.

Komatu diso nafe tili nalo.
Limabwera Lachiwiri, mwina Lachisanu,
nkuima pa miyendo itatu ngati kakowa wam'madimba,
apolisi awiri a zipewa zoyera kumbuyo kwake.
Madalaivala amatsinana ndi nyali masanasana:
ali kutsogoloko, mbale, ponda pang'ono.
Tsiku limenelo magalimoto amayenda ngati akuperekeza maliro,
nkhuku imawoloka ikutolatola,
wakabaza amaimba mluzu pakati pa msewu.
Dzuwa likafika paliwombo, phula likayamba kugwira nsapato,
amalipinda miyendo nkulilonga m'chikwama,
msewu nkumasula lamba.

Sukulu ndinalekezera sitandade faifi
koma pa nimuyu ndinakhoma msomali.
Ndimakolekapo malimu opindika
amene eni ake sanabwererenso kudzawafunsa,
kapena anabwera pa ndodo.
Mwezi umene disolo linaima pano kasanu ndi kawiri
msomali unanyamula limodzi.
Mwezi umene ankati lapita kokakonzedwa
ndinakhoma msomali wina.

Lapamwambalo ndi la Alufandika.
Linali Lachitatu.
Anali atasenzetsa njinga matumba awiri a thonje,
akukankha, osakwera nkomwe.
Tonse tinaona, tonse sitinaone:
wina akuti pikapu yoyera, wina akuti yotuwa,
mayi wa masau akuti nambala inathera pa seveni.
Fumbi lokha ndilo linatsalira kuchitira umboni,
nalonso linakhala pansi msanga.

Nyamiti atabwera kudzatenga njinga ya mwamuna wake
ndinayamba kumufotokozera kuti chimango chikhoza kuwongoka.
Iye maso ali pomwe pamaima disolo.
Likadakhalapo, akadapulumuka?
Ndinapukuta manja amene anali ouma kale.
Diso lilibe phazi lopondera buleki.
Mantha ndiwo ali nalo.

Zuze akuti zonsezi ndi msampha wa ndalama.
Kapena. Ndaonapo dzanja likutuluka pa windo litafumbata
nkubwerera lili pululu.
Zimenezo zawo.
Ine ndimawerenga pa msomali.

Sabata yatha ndinapaka chigubu cha oyilo utoto wakuda,
kukamwa kwake ndinamatako tako la botolo,
nkuchiimika pa nsungwi zitatu kuseri kwa chikwangwani.
Lolemba anachiopa. Lachiwiri anachiopa.
Dalaivala wa basi anafika pochigwedezera mutu mwaulemu.
Lachinayi kondakitala anachigenda ndi chitsononkho
basi yonse nkufa nacho chiseko.

Sindinachichotse.
Alendo ochokera kumtunda sachidziwa,
amatsika phiri la Chikwawa mabuleki akununkha
nkudzafika pano ali ndi ludzu la msewu wowongoka.
Iwowo akachiona amafewetsa phazi.
Ndipo ikakwana hafu sikisi m'mawa
mwana wa Alufandika amaima kutsidyako,
kope m'pepala la shuga, phazi limodzi pa phula,
ine chubu chili m'madzi, thovu likukwera,
sindiyang'ana pomwe chabooka
mpaka atafika mbali ino.